Chifu Chikadulidwa: Mavitamini a Mayi ndi Mwana Wake

Nkhani yokambidwa kwa amayi pa sikelo ya ana m'minda ya tiyi ya ku Thyolo

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwachita kupempha kwa akapitawo kuti mufike kuno, choncho tisataye nthawi. Mwana akalira muyamwitseni, ine ndizilankhulabe.

Nkhani yathu lero ndi ya munthu amene anadulidwa chifu kapena matumbo kuchipatala, ndi mavitamini amene ayenera kumwa pambuyo pake. Poyamba ndichotse mantha, chifukwa ndaona kuti ena mwagwira kale pamimba. Opaleshoni yochotsa mwana pobereka sikhudza chifu kapena matumbo. Kutseketsa sikukhudzanso. Inu amene munabereka mwa njira imeneyo chifu chanu chili chonse, ndipo chikugwira ntchito monga kale. Ine ndikunena za opaleshoni imene dokotala amachotsa gawo la chifu, kapena gawo lalitali la matumbo, kapena kusintha njira imene chakudya chimadzera.

Kuno kwathu zimenezi zimachitika munthu akadwala kwambiri. Chilonda cha m'chifu chikabooka, kawirikawiri madokotala amangosoka pobookapo. Koma chikatseka njira ya chakudya, kapena chikapitirira kutaya magazi, kapena pakapezeka chotupa, amachotsa gawo la chifucho. Matenda a taifodi, amene anafala kwambiri mu Blantyre kuyambira mu 2011, amaboola matumbo cha kumapeto kwake, ndipo mabowo akachuluka gawolo limachotsedwa. N'chifukwa chake tinakondwa pamene katemera wa taifodi anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2023. Mwana amalandira akakwana miyezi 9, ndipo musamuphonyetse. Odwala otere amathandizidwa ku chipatala cha boma cha Thyolo, ku Malamulo, kapena amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Akatuluka amabwerera kunyumba, ndipo amene amawaphikira phala ndinu amayi.

Koma palinso opaleshoni ina imene anthu amachita kupempha okha: yochepetsa thupi. Imachitika m'zipatala zikuluzikulu za ku South Africa, ku India ndi m'maiko ena, ndipo mtengo wake ndi waukulu. Mwina mukuti, nanga ife othyola tiyi zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa abale athu ambiri ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo zimene amachita kumeneko amabwera nazo kumudzi. Ana athu aakazi amaziona m'mafoni, chithunzi cha mayi wonenepa kumanzere, cha mayi yemweyo ataonda kumanja, popanda wowauza zimene zimatsatira. Ndiponso kunenepa kopitirira muyeso si nkhani ya kunja kokha ayi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kuposa muyeso, pamene mu 1992 anali 10 okha. Kunenepa kotere kumabwera ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kupweteka kwa mawondo.

Opaleshoni ziwirizi n'zapachibale. M'zaka za m'ma 1960, dokotala wina wa ku Iowa ku America, dzina lake Edward Mason, anaona kuti odwala amene anawadula chifu chifukwa cha zilonda ankaonda ndipo sankabwereranso thupi. Anaganiza zogwiritsa ntchito zomwezo pothandiza anthu onenepa kwambiri, ndipo mu 1967 iye ndi mnzake Chikashi Ito analemba za odwala awo oyamba. Lero pali njira ziwiri zimene zimachitika kwambiri. Ina amachotsa pafupifupi magawo 4 mwa magawo 5 a chifu, chotsalacho n'kukhala chopyapyala ngati nthochi. Ina amasiya kathumba kakang'ono ngati dzira, n'kukalumikiza ku matumbo a kutsogolo, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chiyambi cha matumbo. Munthu amaondadi, ndipo kwa ambiri shuga amatsika mpaka kusiya mankhwala. Sindikunyoza opaleshoniyi, yapulumutsa anthu amene njira zina zonse zinawakanika. Koma walira mvula walira matope. Amene wasankha njira imeneyi wasankhanso kumwa mavitamini tsiku ndi tsiku mpaka tsiku la imfa yake.

Chifukwa chake mapiritsi sasiyidwa

Chifu chili ngati mtondo. M'menemo chakudya chimasinjidwa ndi kunyikidwa m'madzi owawasa amene chifucho chimapanga. Chikachoka pamenepo chimalowa m'matumbo aang'ono, amene kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 6, ndipo m'menemo ndi mmene zofunika za m'chakudya zimalowera m'magazi. Tsono chilichonse chili ndi khomo lake. Ayironi, amene amapanga magazi, khomo lake lalikulu lili kuchiyambi kwa matumbo, ndipo amafuna madzi owawasa aja kuti asungunuke. Kashiamu, amene amalimbitsa mafupa, amalowanso kwambiri cha pomwepo. Chakudya chikalambalala malo amenewa, munthu angathe kudya bonongwe ndi nyemba tsiku lililonse koma magazi ake n'kumacheperabe.

Vitamini B12 ndiye ali ndi mwambo wovuta koposa. Khomo lake lili kumapeto kwenikweni kwa matumbo aang'ono, pamalo pomwe taifodi amakonda kuboola. Ndipo salowa yekha. Amafuna womuperekeza, chinthu china chimene chimapangidwa m'chifu mokha, chimene dokotala William Castle wa ku Boston anachizindikira mu 1929. Chifu chikadulidwa, woperekezayo amachepa. Matumbo a kumapeto akadulidwa gawo lalitali, khomolo limasowa. Njira zonse ziwiri mapeto ake ndi amodzi.

Apa mumvetsere bwino amayi, pakuti ndi pamene anthu ambiri amanyengekera. Chiwindi ndi nkhokwe ya vitamini B12, ndipo nkhokwe imeneyi imatha kusunga munthu zaka ziwiri, zitatu, ngakhale kuposerapo. Wodwala amatuluka m'chipatala, chilonda chimapola, chaka chimatha ali bwinobwino. Pamenepo amati ndachira, jakisoni ndi wa chiyaninso? Achibale nawo amavomereza, poona ndalama za ulendo wa kuchipatala. Nkhokwe ija ikutha pang'onopang'ono popanda wokolola. Chaka chachitatu kapena chachinayi munthu amayamba kumva dzanzi kumapazi ndi kunsonga za zala, ngati nyerere zikuyenda. Lilime limafiira ndi kusalala. Amatopa msanga, amaiwalaiwala, amadzandira poyenda makamaka kukada. Popeza papita zaka chichitikire opaleshoni, palibe amene amaganizako za iyo. Ena amati ndi nyamakazi, ena amati walodzedwa, nkhuku ndi mbuzi n'kuthera kwa asing'anga. Chonsecho chimene chikusowa ndi jakisoni mmodzi pa miyezi itatu iliyonse. Akachedwa kwambiri, magazi amabwerera koma mitsempha ina imene yawonongeka sichira.

Vitamini B1 khalidwe lake ndi losiyana. Thupi silimusunga nthawi yaitali; m'masabata awiri kapena atatu nkhokwe yake yatha. Choncho munthu amene wachitidwa opaleshoni ya chifu akamasanza tsiku ndi tsiku, musadikire kuti zisiya zokha. Akayamba kusokonezeka mutu, kuona zinthu ziwiriziwiri, maso kugwedera, kapena miyendo kufooka, apite kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana, ndipo womuperekeza anene momveka kuti wodwalayu anadulidwa chifu. Mawu amenewo amathandiza dokotala kuti amubaye vitamini B1 msanga, asanamuike diripi ya shuga.

Mapiritsi amene madokotala amalembera munthu wochitidwa opaleshoni yochepetsa thupi ndi awa: piritsi la mavitamini ndi michere yosiyanasiyana tsiku lililonse, ayironi, kashiamu pamodzi ndi vitamini D, ndi B12 uja. Kuchuluka kwake amanena ndi dokotala atayeza magazi, pa miyezi itatu, pa miyezi isanu ndi umodzi, pa chaka, kenaka kamodzi chaka chilichonse. Amene anadulidwa chifukwa cha chilonda kapena taifodi, zimene ayenera kumwa zimatengera gawo limene linachotsedwa ndi kutalika kwake. Pachifukwa ichi musatuluke m'chipatala musanafunse kuti, kodi mwachotsa chiyani, ndipo adzafunika kumwa chiyani, kufikira liti? Pemphani kuti yankho lilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Safunsa anadya phula. Wochokera kunja abwere ndi kalata ya dokotala amene anamuchita opaleshoni, ndipo asananyamuke afunse kumene azikapeza mapiritsiwo akafika kumudzi, chifukwa botolo limodzi lobwera nalo m'chikwama silingamusunge zaka makumi atatu.

Ndinenepo za tiyi, popeza ndi amene amatidyetsa kuno ku Thyolo, kuyambira ku Satemwa ndi ku Naming'omba mpaka ku Makwasa. Tiyi si mdani. Koma muli zinthu zina, zomwe zimathimbiriritsa kapu zija, zimene zimamanga ayironi m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Kumwera piritsi la magazi ndi tiyi kuli ngati kuthira madzi m'dengu. Mwerani madzi, ndipo pakati pa piritsi ndi tiyi papite ola limodzi kapena awiri. Piritsi la kashiamu nalo litalikirane ndi la ayironi maola awiri, chifukwa amalimbirana khomo. Chimene chimathandiza ayironi ndi chipatso: gwafa, lalanje, chinanazi, papaya, mango, malambe. Langizo ili si la odulidwa chifu okha. Ndi lanu nonse amene mumalandira mapiritsi owonjezera magazi ku sikelo ya amayi oyembekezera. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi magazi ochepa, ndipo ana osakwana zaka zisanu anali 63 mwa 100. Ndipo kumpatsa mwana wa chaka chimodzi tiyi wa shuga m'malo mwa phala la nsinjiro ndi kumubera.

Kudya kwa munthu wa chifu chaching'ono

Masabata oyamba amamwa zamadzimadzi zokha, kenaka zopota, kenaka zofewa, mpaka patapita mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri ndi pamene amayamba chakudya cha anthu onse. Ngakhale pamenepo sangathe mtanda wa nsima. Amadya pang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndi kutafuna mpaka chakudya chisanduke phala m'kamwa. Madzi samwera limodzi ndi chakudya. Amadikira theka la ola.

Chovuta n'chakuti mwambo wathu wa kudya uyenera kutembenuka. Ife timakhuta nsima, ndiwo n'zongoperekeza. Iye ayambe ndiwo, nsima ibwere pomalizira ngati malo alipo. Amafunika magalamu osachepera 60 a zakudya zokulitsa thupi pa tsiku, ndipo dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, kotero mukuona kuti pamimba pang'ono pamenepo palibe malo otaya. Mazira, usipa ndi matemba osinja, mkaka, nkhuku yophika mpaka kufewa, nandolo ndi nyemba zopota, nsinjiro m'masamba: izi ndizo ziyambe. Makolo athu anaphunzira magulu atatu a zakudya, ife lero timaphunzitsa asanu ndi limodzi, koma B12 amapezeka m'gulu limodzi lokha, la zochokera ku nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. M'masamba ndi m'nyemba mulibe.

Kuti kukhuta ndi kudya bwino n'zosiyana, dziko lino linaphunzira mowawa. Mu 1990 anthu othawa nkhondo ochokera ku Mozambique amene ankakhala kuno kumwera anasiya kulandira mtedza, n'kutsala ndi ufa ndi nyemba pang'ono. Anthu oposa 17,000 anadwala pelagira, matenda osupula khungu pakhosi ndi m'mikono, otsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu, chifukwa chosowa vitamini mmodzi yekha. Nsima ankadya ndithu.

Zotsekemera zimamuvuta munthu wodulidwa chifu. Akamwa tiyi wa shuga wambiri, zakumwa za m'mabotolo, kapena thobwa lothira shuga, zimathamangira m'matumbo nthawi imodzi. Pasanathe theka la ola mtima umagunda, thukuta limatuluka, amamva chizungulire ndi nseru, mwina kutsegula m'mimba. Ena zimawachitikira patapita maola awiri, shuga wa m'magazi atatsika mwadzidzidzi. Mowa umamuledzeretsa msanga kuposa kale. Mapiritsi opha ululu monga aspirin ndi Brufen, amene timagula pa golosale osaganiza kawiri, angathe kuyambitsa chilonda pamsoko. Amwe Panado, kapena afunse kuchipatala.

Palinso chovuta chimene sichili m'mabuku a madokotala. Kwathu kuno kunenepa timati ndi kupeza bwino, ndipo munthu akaonda mofulumira, tsitsi n'kumathothoka, monga zimachitikira miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, pakomboni pamayamba manong'onong'o. Mukudziwa matenda amene anthu amaganizira. Akapita kocheza n'kudya nthongo ziwiri zokha, eni nyumba amakhumudwa kuti wanyoza chakudya chawo. Ena pofuna kuthawa manyazi amadzikakamiza kudya, n'kukasanza kuseri kwa nyumba. Inu amene mukudziwa chifukwa chake muzimuyankhira. Tsitsi limameranso.

Mimba ndi kuyamwitsa

Tsopano tafika pa chimene ndabweretsera nkhaniyi pa sikelo ya ana.

Mayi wonenepa kwambiri nthawi zina amavutika kutenga pakati, ndipo msambo wake umadumphadumpha. Akaonda, mphamvu yobereka imabwerera msanga, iye asakuyembekezera. Madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18, chifukwa m'nthawi imeneyo thupi likutsika mofulumira ndipo mwana wa m'mimba sangapeze zokwanira. Pa kulera, mayi amene chakudya chake chimalambalala chiyambi cha matumbo asadalire mapiritsi akumwa, pakuti mwina sangalowe onse m'magazi. Njira ya pamkono kapena lupu ndiyo yodalirika. Kambiranani ndi anamwino a zakulera, ndipo bambo akhalepo.

Akafuna kutenga pakati ayambe foliki asidi mimba isanayambe, miyezi ingapo m'mbuyo, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika m'mwezi woyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Tsiku loyamba ku sikelo ya amayi anene za opaleshoni yake ngakhale asanafunsidwe. Zipsera za opaleshoni yochepetsa thupi zimakhala zazing'ono kwambiri, mzamba angathe osaziona. Mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi amene amaperekedwa ku sikelo ndi abwino, koma mulibe B12. Ndiponso foliki asidi amatha kukonza magazi pamene B12 akusowabe, kotero kuti poyeza magazi zimaoneka ngati zonse zili bwino, mitsempha ikuwonongeka mwakachetechete. Jakisoni uja asaleke chifukwa cha mimba. Ndi pamene akufunika koposa. Vitamini A wochuluka amavulaza mwana wa m'mimba, choncho mayi woyembekezera aonetse dokotala botolo la mavitamini ake kuti aone ngati ndi oyenera, ndipo asameze kapisozi wa vitamini A amene timapatsa ana kuno. Akamva kupweteka kwambiri m'mimba kapena kusanza kosaleka, asati ndi zizindikiro za mimba chabe. Matumbo amatha kupotana pamalo posokedwa. Apite ku chipatala chachikulu, ndipo achirire komweko.

Mwana akabadwa, ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi monga ana onse. Mayi wodulidwa chifu amayamwitsa bwinobwino. Koma mkaka wake umakhala ndi B12 molingana ndi amene ali m'thupi mwake. Mayi akakhala wosowa, mwana amabadwa ndi nkhokwe yochepa ndipo bere silimuwonjezera. Mayiyo mwina sakumva kalikonse, mwana ndiye amayamba kuonetsa, kawirikawiri pakati pa miyezi 4 ndi 10. Anali womwetulira, waleka. Thupi limakhala lolobodoka, m'manja ndi m'zikope moyera, amagona kwambiri, amakana phala. Anayamba kukhala pansi, tsopano akugwa. Mzere wa pakhadi lake umaima kapena kutsika. Mwana wotere akalandira B12 msanga amasintha m'masiku ochepa. Akachedwa, ubongo wake umatsalira ndipo mudzaziona akadzayamba sukulu. Mankhwala ake si kumuletsa bere. Mayi ndi mwana onse awiri alandire chithandizo, kuyamwa kupitirire.

N'chifukwa chake tikamafunsa za thanzi lanu pamene mwabwera kudzayezetsa mwana, musamati lero ndabwerera mwana, osati ine. Mzere wa mwana ukaima, ife timayamba kuganiza za malungo, kutsegula m'mimba, njoka za m'mimba, chifuwa chachikulu ndi kuchepa kwa chakudya kunyumba. Za chifu cha mayi sitingazidziwe mutapanda kutiuza. Si chipatala chilichonse chimene chili ndi zida zoyezera B12, koma kalata yotumizira ku chipatala chachikulu imalembedwa, ndipo dokotala akamva mbiri ya opaleshoni pamodzi ndi zizindikiro zimene ndatchulazi amadziwa chochita.

Mwana amene anadulidwa matumbo iye mwini, kaya chifukwa cha taifodi kaya matumbo atapotana, muzibwera naye ku sikelo mwezi uliwonse osadumphitsa, ndipo buku lake lisasowe. Akapitirira zaka zisanu sikelo yathu ino imamutsazika, koma inu muzimuonabe m'zikope ndi m'manja, ndi kumufunsa ngati akumva dzanzi.

Amene muli ndi bambo kunyumba, mchemwali, mwana kapena mlamu amene anachitidwa opaleshoni yotere, kuno kapena kunja, mutsale tikatha kuyeza ana kuti tikambirane paokha. Ngati buku lake la kuchipatala mulibe lero, mudzabwere nalo mwezi wamawa pamodzi ndi mabotolo a mankhwala amene akumwa, ngakhale amene anatha kale, kapena mukauze mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzafike kunyumba. Tsopano konzani makhadi. Tiyamba ndi ana a miyezi 9 amene akulandira katemera lero.